Pa dambo tisamangowerenga mbalame ndi matemba

Akonzi,

Ndine mmodzi wa aMalawi amene tikudya thukuta lathu kuno ku Joni. Ndimasamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba zitatu ku Randburg, koma kwathu ndi ku Zomba, kufupi ndi doko la Kachulu pa nyanja ya Chilwa. Nkhani yanga ena aiseka, chifukwa ndi ya bongololo.

Mvula yoyamba itagwa mu Okutobala, abongololo anatuluka pa mulu wa manyowa n'kuyamba kuyenda pakhonde. Mayi a panyumbapo anakuwa ngati aona mphiri: "Shongololo! Shongololo!" Dzina lake kunotu ndi limenelo. Anandipatsa botolo la mankhwala kuti ndipopere bwalo lonse. Ndinawapempha kuti abwere aone kaye. Ndinafukula masamba amene ndinaunjika mu Juni, nthawi ya chisanu, ndipo pansi pake panali dothi lakuda bii, timibulu ting'onoting'ono. Ndinati, mayi, manyowa amene mumagula m'matumba aja, awa akukupangirani ulere. Sanakhutire kwenikweni, koma botolo linabwerera m'galaja.

Vuto ndi loti anthu amaika bongololo ndi namkalizi m'thumba limodzi. Tolani bongololo muone: mphete iliyonse ya thupi lake ili ndi miyendo inayi, iwiri uku iwiri uku. Amayenda mwaulemu, ukamukhudza amadzipinda ngati nkhata, ndipo chakudya chake ndi masamba owola. Namkalizi ndi wina. Ndi waphwatalala, mphete iliyonse miyendo iwiri yokha, liwiro ngati wakuba. Miyendo yake yoyambirira, pafupi ndi mutu, ndiyo zibano zaululu zimene amagwirira mphemvu, akangaude ndi tizilombo tina. Anandilumapo chala ndikusuntha njerwa, ndipo tsiku limenelo nsima ndinadyera dzanja lamanzere. Komabe ndinaonapo wamkazi atakumbatira mazira ake pansi pa chipika, osathawa ngakhale ndinamuvundukula. Ndinabwezerapo chipikacho mwakachetechete.

Sindikuti bongololo ndi woyera. Chinyezi chikachepa amaboola mbatata ndi kudya mbewu zongomera kumene, alimi a ku dimba akudziwa.

Chimene chandilembetsa ndi ichi. Chilwa inalowa m'ndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse, wa pangano la Ramsar, mu 1996, ndipo Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire inatsatira mu 2017. Pa 2 Febuluwale chaka chilichonse pamakhala tsiku lokumbukira madambo. Koma zokamba zake ndi mbalame, matemba, makumba, milamba, mpunga, basi. Zapansi pa masamba palibe amazitchula. Chonsecho ndili mwana, tikamakadula njedza ndi bango, ndinkaona abongololo osiyanasiyana: wamkulu wakuda wonyezimira, wina wa miyendo yofiira, wina wamng'ono wa msana waphwatalala amene ankabisala m'makungwa. Madzi akamakwera mu Januwale ankasonkhana pa zulu ndi pa zitsa, akaphwa n'kutsikanso. Onsewo dzina tinkawapatsa limodzi.

Akatswiri analemba kale mitundu ya abongololo yoposa 12,000 ndi ya anamkalizi yoposa 3,000, ndipo akupezabe ina. Mu 2016 analengeza za namkalizi wa ku Laos, Thailand ndi Vietnam amene amasambira ndi kuthamanga pansi pa madzi, n'kumutcha Scolopendra cataracta. Mu 2021 analengeza za bongololo wa ku Australia wa miyendo 1,306, amene anapezeka mamita 60 pansi pa nthaka. Ku nkhalango za Amazon, zimene zimamira miyezi ingapo chaka chilichonse, abongololo ena amakwera m'mitengo madzi akamabwera, monga ankachitira athu aja pa zulu. Nanga a ku Chilwa alipo mitundu ingati? Nyanjayi inauma mu 1995 ine ndikuona, ndipo mu 2018 inatsala pang'ono kutheratu. Chilimwe chilichonse timayatsa dambo pofuna mbewa ndi malo olima. Mbalame imauluka, mlamba umakwiririka m'matope, koma bongololo ndi miyendo yake yonseyo moto sauthawa.

Akuluakulu anati bongololo sadzolera mafuta pagulu. Mafutawo alipodi. Ukamugwira mwankhanza amatulutsa madzi onunkha amene amadetsa zala kwa masiku angapo, ndipo asakufikeni m'maso. Ku Madagascar kuli tinyama tofanana ndi changa timene timaluma bongololo pang'ono n'kudzipaka madziwo pa ubweya. Ndiye kuti mafuta amene mwini wake amabisa, ena amadzolera poyera.

Pempho langa likupita kwa ophunzira za chilengedwe pa Yunivesite ya Malawi ku Zomba, poti Chilwa ali nayo pakhomo. Pitani ku dambo mvula ikagwa, mufukule zinyalala, mujambule, mulembe. Mufunsenso agogo a Chiyao, Chilomwe ndi Chinyanja a m'mbali mwa nyanjayo ngati anali ndi mayina osiyanitsa mitunduyi, asanapite nawo kumanda. Inunso akonzi, tipatseniko kadanga m'nyuzipepala muno kuti owerenga azitumiza zithunzi ndi mayina a kwawo.

Ine Disembala uno ndikwera basi ya kumudzi. Mwana wa mlongo wanga ndamuuza kale pa WhatsApp kuti chulu cha kuseri kwa dimba la amayi asachiyatse mpaka nditafika.

Wosamalira maluwa,
Randburg, Johannesburg