Kagalimoto kamatayala atatu ka ku Regensburg

Achimwene,

Kuno tonse tili bwino, kaya inu ndi alamu kumeneko. Chithunzi cha kagalimoto chija chafika. Mwati kakuoneka ngati ndege yothyoka mapiko, ndipo simunaphonye kwambiri: ndi Messerschmitt KR200.

Nkhondo yachiwiri itatha, kampani ya Messerschmitt ya ku Germany inaletsedwa kupanga ndege. Amene anaibweretsera nzeru yopanga kagalimotoka ndi Fritz Fend, injiniya yemwe ankapangira olumala tingolo tamatayala atatu ku Rosenheim. Mtundu woyamba, KR175, unatuluka ku Regensburg mu 1953, KR200 n'kulowa m'malo mu 1955. Anasiya kukapanga mu 1964, anthu atayamba kukwanitsa kugula galimoto zazikulu.

Poti mukufuna kukagula, mverani. Kamanyamula awiri, wina kumbuyo kwa mnzake ngati pa kabaza, ndipo denga lonse limatsekukira kumbali. Chiwongolero chake ndi chonga mahandulo a njinga. Injini ili kumbuyo, ya kampani ya Fichtel & Sachs, 191cc, pistoni imodzi, ndipo imakoka tayala lakumbuyo ndi tcheni. Mukakakamiza kamafika 90km pa ola.

Giya ya rivesi musavutike kuifuna, mulibe. Mumazimitsa injini, n'kukankhira kiyi m'kati, n'kulizanso. Injiniyo imazungulira chobwerera, moti magiya ake onse anayi amapita chakumbuyo. Woyamba yekhayo akukwanirani, achimwene, enawo ndi ofunira maliro. Zimenezi zimatheka chifukwa muli mapointi (tizitsulo tochititsa pulagi kutulutsa moto pa nthawi yake) awiri, ena akutsogolo ena akumbuyo. Wogulitsayo alize mbali zonse inu mukuona. Ikalira kutsogolo kokha, kawirikawiri mapointi achiwiriwo ada kapena mpata wake wasokonekera.

Oyilo amathiridwa m'petulo momwemo, wa two-stroke, 200ml pa malita 5. Akachepa pistoni imagwira, akachuluka pulagi imada msanga. Pamtsetse wautali musachotseretu phazi pamoto muli m'giya, chifukwa petulo akapanda kulowa ndiye kuti oyilonso sakulowa, pomwe injini ikuthamanga.

Mabuleki ndi a nthambo. Yakumanzere ndi yakumanja zikapanda kukungika mofanana, kagalimoto kamakokera mbali imodzi mukaponda. Yang'ananinso dzimbiri pansi, mutachotsa kapeti, ndi ming'alu m'mphepete mwa denga lapulasitiki lija. Denga limeneli ndi lodula, ndiye likakhala long'aluka mutsitse mtengo.

Mundijambulire injiniyo musanapereke ndalama. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa kuno kumudzi.