Lipoti la maphunziro a turbo ku Makata: zomwe ndabwera nazo

A Tcheyamani, akuluakulu a komiti, ndi inu nonse amakaniko anzanga a kuno ku Ndirande,

Munandituma kuti ndikakhale maso ndi makutu anu ku msonkhano wa amakaniko a galimoto za dizilo womwe unachitika Lachisanu ndi Loweruka lapitali pa galaja ina ku Makata. Ndapita, ndabwerako bwino, ndipo ndalemba lipotili kuti ngakhale amene simudzafika pa mkumano wathu wa Lamulungu mumve zomwe zinakambidwa. Ndalama yoyendera ndi ya chakudya yomwe munasonkha ndafotokoza kale kwa msungichuma, malisiti ali kwa iwo.

Kunabwera anzathu a ku Limbe, Chirimba, Bangwe, Zingwangwa, ena mpaka ku Lunzu. M'mawa wa tsiku loyamba kunali malonje ndi nkhani ya ma injekita, zomwe ambiri timazidziwa kale, ndiye sinditayapo nthawi. Chomwe ndikufuna tikambirane mofatsa ndi turbo, chifukwa ndabwerako ndili wokhutira kuti ma turbo ambiri omwe timawaweruza kuti afa amakhala atangotsekeka ndi mwaye, ndipo omwe afadi amakhala ataphedwa ndi chinthu china chomwe ife timachisiya m'galimoto momwemo.

Aphunzitsi athu anali bambo achikulire, oyankhula pang'onopang'ono, manja awo akuda ngati athu omwe. Anayamba ndi kutikumbutsa momwe chipangizochi chimagwirira ntchito. Turbo ndi mafani awiri omangidwa pa shafiti imodzi. Utsi wotentha ukamatuluka mu injini umazunguza fani ya mbali ya ekizozi, ndipo fani ya mbali inayo imakoka mpweya n'kuukankhira mu injini kudzera mu intercooler, chipangizo choziziritsa mpweyawo. Nzeruyi ndi yakale, mwini wake Alfred Büchi wa ku Switzerland anailembetsa mu 1905. Koma chomwe timaiwala n'chakuti shafitiyi imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, ma turbo ang'onoang'ono amafika ngakhale 200,000, ndipo sigona pa chitsulo ayi. Imayandama pa kaoyilo kopyapyala kuposa tsitsi, pomwe pambali pake pakudutsa utsi wotentha kupitirira madigiri 600 galimoto ikamakoka katundu. Kaoyilo kameneko kakada, kakachepa kapena kakapsa, turbo ilibe pena pothawira.

Ma turbo akale aja a wastegate, kavavu kolambalalitsa utsi mpweya ukachuluka, savuta kwambiri ndi mwaye. Otivutitsa ndi awa okhala ndi timapiko tosuntha mkati, omwe timawatcha VGT kapena VNT, monga a pa Hilux ya injini ya 1KD, Ranger, Navara D40 ndi ma TDI a Volkswagen. Timapikoti tinazungulira fani ya ekizozi ndipo tonse timayendetsedwa ndi mkombero umodzi womwe umakokedwa ndi kachipangizo kotchedwa actuator, kaya ya vacuum kapena yamagetsi. Injini ikakhala pansi timatsekeka pang'ono kuti utsi uthamange, monga momwe timatsinira kukamwa kwa payipi ya madzi ndi chala potsuka galimoto. Injini ikakwera timatseguka. Tsono mwaye ndi dzimbiri zikalowa pansi pa mkombero uja, timapiko timakanirira malo amodzi. Tikakanirira chotseka, mpweya umachuluka mopitirira, kompyuta ya galimoto imadula mphamvu, ndipo mukaunika ndi makina mumapeza nambala ya vuto P0234. Tikakanirira chotsegula, galimoto imachita ulesi ponyamuka, imafuka utsi wakuda, nambala yake kawirikawiri ndi P0299. Dalaivala amabwera n'kunena kuti ikafooka pa chitunda amaizimitsa n'kuilizanso, imachita bwino pang'ono, kenako imayambiranso. Tonse mawu amenewa tinawamvapo, ndipo ambiri a ife yankho lathu lakhala loti bwana, gulani turbo ina.

Funso loti n'chifukwa chiyani vutoli lachuluka mumzinda muno linayankhidwa ndi ife eni, osati aphunzitsi. Galimoto yochoka ku Ndirande kupita m'tauni, kapena yokwawa pa mzere wa pa Masauko Chipembere madzulo, sitentha mokwanira kuti mwaye upse. Onjezanipo kuilizira pamalo amodzi nthawi yaitali podikira anthu pa siteji kapena pa mzere wa mafuta, fumbi la miyezi yotentha, ndi dizilo wa m'zigubu yemwe sitidziwa chomwe anasakanizamo. Mnzathu wina wa ku Limbe anatchulanso za tigalimoto tadizilo tobwera kuchokera ku Japan, monga Mazda CX-5, tomwe tili ndi DPF, sefa yogwira mwaye mu ekizozi, ndipo timafuna oyilo wa phulusa lochepa, uja wolembedwa DL-1 kapena C3. Ife timangothiramo 15W-40 yemweyo wa pa lole chifukwa ndiye ali pafupi. Phulusa lake limatseka DPF, utsi umasowa potulukira, ndipo turbo imakhala ikupuma movutikira.

Loweruka ndiye linali tsiku lenileni. Anaika pa benchi turbo yochotsedwa pa Navara yomwe mwini wake anali atauzidwa kale kwina kuti yatha ntchito. Tisanagwire sipanala anatiuza tiike chizindikiro ndi panchi posonyeza momwe zigoba zakhalira, kuti pobwezera tisapotoze. Mabawuti a mbali ya ekizozi anali atapsa, ofiira ndi dzimbiri. Mnyamata wina anafuna kukoka ndi mphamvu, aphunzitsi anamugwira dzanja. Tinawanyowetsa ndi mankhwala omasulira, tinadikira, tinagogoda pang'onopang'ono mozungulira chigoba ndi hamala yofewa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, abale, chifukwa chigoba chikatuluka chopendekeka chimakhadzula mapiko a fani, ndipo pamenepo turbo yomwe inali yamoyo mwaipha nokha.

Chitatseguka, ndinayesa kusuntha kamkono ka mkombero ndi chala. Sikanasunthe ngakhale pang'ono. Mwaye unali utaumirira ngati makoko a nsima pansi pa poto, wina wouma wotuwa, wina wonata chifukwa unasakanikirana ndi oyilo. Tinachotsa mkombero ndi timawilo take ting'onoting'ono, n'kutiyala pa nsalu yoyera m'ndondomeko yomwe tinatichotsera, chifukwa kamodzi kakagwa m'dothi la pa galaja simukapezanso. Tinaviika mu mankhwala osungunula kaboni, tinakwecha ndi bulashi ya mkuwa, ndipo pomwe mkombero umagona, pomwe dzimbiri linatupa, tinapalapo ndi sandipepa yosalala. Anatiletsa kupaka girizi wamba, poti pa kutentha kumeneko amapsa n'kusanduka mwaye womwewo. Titabwezera zonse, kamkono kaja kanayenda ndi chala chimodzi kuchoka kumapeto kufika kumapeto, kopanda pogwira. Panali chete kaye, kenako anthu anayamba kung'ung'udza. Aliyense ankawerenga mumtima ma turbo omwe anataya.

Pali zinthu ziwiri zomwe anatsindika kuti tisazigwire. Choyamba ndi nati ya fani ya mpweya. Shafiti ndi mafani ake zinalinganizidwa pa makina kufakitale, ndipo mukamasula n'kumanganso ndi maso, pa liwiro lija imanjenjemera n'kudya mabeyaring'i. Chinacho ndi kabawuti koimitsira kamkono ka timapiko, komwe ena amakapotokola poganiza kuti akuwonjezera mphamvu. Kasiyeni momwe munakapezera. Za kugwedera kwa shafiti anatiphunzitsa ndi zala: kugwedera pang'ono cham'mbali n'kwachibadwa popeza mulibe oyilo, bola fani isakhudze chigoba, koma ikamayenda kutsogolo ndi kumbuyo moti mukuchita kumva, kapena mapiko ali obenthuka, kutsuka sikungathandize. Pamenepo pafunika katiriji yatsopano yolinganizidwa kale, kutanthauza chapakati cha turbo chokhala ndi shafiti ndi mafani ake.

Panabuka mtsutso waukulu pa mankhwala a m'zitini opopera turbo ili pa galimoto, ndi aja otsukira uvuni omwe ena amalowetsa cha ku ekizozi. Ena analumbira kuti amagwira ntchito. Ine maganizo anga ndi akuti mwaye ukakhala woyamba kumene mwina amafewetsa, koma zomwe ndinaona pa benchi paja palibe chitini chomwe chikanazichotsa, makamaka dzimbiri la pansi pa mkombero. Komanso wa uvuniyo amadya aluminiyamu akafika posayenera. Tisamalipiritse kasitomala mtengo wa kutsuka turbo pomwe tangopopera.

Ndipo tisanamasule n'komwe, tiziyamba tayang'ana zotchipa. Tipayipi ta vacuum timang'ambika ndi kutentha, solenoid yowongolera vacuum imafa, payipi ya intercooler imaboka kapena kuvuka, sensa ya MAP yoyeza mpweya wolowa mu injini imakutidwa ndi mwaye n'kumanamiza kompyuta, vavu ya EGR yobwezera utsi wina mu injini imakanirira chotsegula. Zonsezi zimaoneka ngati turbo yafa. Ndi kapampu kam'manja ka vacuum mumatha kukoka actuator n'kuona ngati ndodo yake ikuyenda mosadukiza kapena ikudumphadumpha, turbo isanachoke pa injini.

Apa ndiloleni ndinene za ine mwini, chifukwa nkhaniyi yandisautsa kwa nthawi. Chaka chatha ndinaika turbo yatsopano pa pikapu ya bambo wina amene amanyamula katundu kuchokera ku Chikwawa. Anachita kukongola ndalama kuti aigule. Pasanathe mwezi anabwera nayo ikulira ngati mluzu, utsi wabuluu uli tolotolo kumbuyo. Ine ndinati anagula yachinyengo, tinasiyana mosasangalatsa. Loweruka, aphunzitsi anadula pakati payipi yakale yobweretsa oyilo ku turbo n'kutipatsa kuti tisuzumire. Mkati munali mutamera kaboni wolimba, njira yotsala inali ngati boo la singano. Ndinakumbuka nthawi yomweyo kuti pa pikapu ija ndinabwezera payipi yakale, nditangoipukuta kunja. Bamboyo amakwera chitunda chonse chija kuchokera ku Thabwa atadzaza katundu, akafika n'kuzimitsa injini pomwepo. Oyilo amaima mu turbo yofiira ndi moto, amapsa, amasanduka makala m'payipi. Turbo yoyamba inafa ndi njala ya oyilo, yachiwiri ndinaipha ndine poilumikiza ku payipi yomweyo. Dzulo ndinawaimbira foni n'kuwauza zoona, ndipo ntchito yokonzanso ndiigwira osawalipiritsa.

Choncho poika turbo, kaya yatsopano kapena yotsukidwa, payipi yobweretsa oyilo isinthidwe kapena itsukidwe mpaka mutatsimikiza, pamodzi ndi bawuti yake ya banjo, poti ina imakhala ndi kasefa mkati. Payipi yobwezera oyilo ku sampu isakhale yopindika kapena yotsekeka, ndipo musapakepo silikoni pa magasiketi a oyilo chifukwa kachidutswa kake kamakatseka njira. Oyilo ndi fyuluta zikhale zatsopano. Thirani oyilo pa boo la turbo n'kuzunguza fani ndi chala musanalize, ndipo ikalira isiyeni kaye pansi mphindi zingapo osaponda.

Musaiwale intercooler. Turbo ikafa imalavulira oyilo mmenemo, ndipo injini ya dizilo imatha kuyamba kumwa oyilo wakeyo ngati mafuta. Imakwera yokha, mukachotsa kiyi siizima, mpaka itadziphwanya. Zikakuchitikirani pa galimoto ya giya yamanja, lowetsani giya yapamwamba, pondani buleki mwamphamvu, siyani kilatchi kuti ife. Apo ayi tsekani polowera mpweya ndi thabwa. Dzanja ayi, ndipo anyamata athu ophunzira ntchito tiwauze zimenezi mobwerezabwereza.

Nkhani yotseka EGR ndi kuboola DPF inakambidwanso, ndipo sitinamvane chimodzi. Ndikudziwa kuti makasitomala amapempha okha, ndipo ena mwa ife timapezerapo ya ndiwo. Ine sindikugwirizana nazo. Mwaye womwe DPF imagwira ukachotsedwa sumasowa, umakathera m'mphuno mwa amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ndi ana athu opita kusukulu. Ndipo ngati chikuchulukitsa utsi ndi injekita yodontha kapena fyuluta yotsekeka, turbo idzatsekekabe. Koma iyi ndi nkhani yoti tikambirane tonse, si ya ine ndekha.

Kwa madalaivala uthenga wake ndi waufupi. M'mawa asaponde mwamphamvu injini isanatenthe. Akachoka pa ulendo wolemetsa adikire mphindi imodzi kapena ziwiri asanazimitse. Asamakokere galimoto pa giya yapamwamba injini ili pansi ikuchita kugogoda. Galimoto yongozungulira m'tauni izituluka kamodzikamodzi, ipite ku Zalewa kapena ku Mulanje itenthe bwinobwino. Oyilo asinthidwe msanga kusiyana ndi momwe buku likunenera ngati ntchito yake ndi ya m'fumbi ndi maulendo aafupi. Fyuluta ya mpweya asamaimenyetse pa tayala kapena kuipopa ndi mpweya wamphamvu mpaka kuboka, chifukwa mchenga ukadutsa umasema mapiko a fani.

Pomaliza, a Tcheyamani, ndili ndi mapempho oti alowe pa ndondomeko ya Lamulungu. Ndikupempha kuti tione ngati thumba lathu lingagule kapampu ka vacuum ndi makina ounikira amodzi oti tizibwerekana, poti aliyense payekha sangakwanitse. Ndikupemphanso kuti tigwirizane mtengo wa kutsuka turbo, wosiyana ndi wa kusintha, kuti kasitomala aziuzidwa njira zonse ziwiri asanapite kukakongola ndalama. Ndipo aliyense amene ali ndi turbo ya timapiko yomwe anaiponya pa mulu wa zitsulo kuseri kwa galaja abwere nayo tisanaigulitse kwa ogula sikirapu. Ine ndibweretsa bulashi, mankhwala, ndi chidutswa cha payipi ija chomwe aphunzitsi anandilola kutenga. Tidzayamba ikangokwana 2 koloko, anthu akaweruka kutchalitchi, ndipo anyamata ophunzira ntchito abwere nawo.

Ine mthumwi wanu.