Lipoti la ku msonkhano wa za ana ofooka mkono chibadwire

Moni makolo anzanga nonse, a wapampando ndi a komiti. Ndabwerako ku msonkhano munandituma uja, ndiye ndati ndilembe pa gulupu pano kuti aliyense adziwerengere yekha, ndi yaitali koma chonde muwerenge mpaka kumapeto.

Funso munandipatsa linali loti njira tikumaziona pa intanetizi, za Feldenkrais, Vojta, zam'madzi ndi zina, zimachiritsadi mkono kapena tingotaya nthawi? Yankho ndabwera nalo ndi ili, zina zimathandiza mwana kuugwiritsa ntchito mkonowo, koma palibe ngakhale imodzi yomwe imalumikiza mtsempha woduka.

Anayamba ndi dokotala wa opaleshoni kutifotokozera vutolo. M'khosi mumatuluka mitsempha isanu, C5 mpaka T1, yomwe imalukana nkupita ku mkono, amaitchula brachial plexus. Phewa likakakamira pobadwa mitsemphayi imakokeka, ikakhudzidwa iwiri yam'mwamba ndiye Erb's palsy ija, mkono kungolendewera chikhatho chitayang'ana kumbuyo. Zimagwera mwana mmodzi kapena awiri pa ana 1,000 aliwonse, ndipo ambiri amachira okha miyezi yoyambirira chifukwa mtsempha unangokokeka basi. Koma ukaduka kapena kuzuka pa msana ndi nkhani ina, ngakhale ataulumikiza pa opaleshoni mtsempha umamera pafupifupi 1 mm patsiku, ndipo minofu ikadikira nthawi yaitali imafota osadzadzukanso, nchifukwa chake mwana akakwana miyezi 3 asakupinda chigongono akuyenera kuonedwa ndi madokotala a mitsempha, opaleshoni yake kawirikawiri imachitika pakati pa miyezi 3 ndi 9. Ku Toronto, ku Canada, amamuyesa mwana wa miyezi 9 pomupatsa bisiketi m'dzanja lofookalo, chigongono atachigwirira m'nthiti, aone ngati afikitse kukamwa osaweramitsa kwambiri mutu. Ndipo ngati dzanja lonse silikugwedezeka komanso chikope cha mbali yomweyo chagwa, apo musadikire miyezi 3 nkomwe.

Tsopano za njirazo. Yomwe inandigwira mtima ndi ya CIMT, yotsekera dzanja labwino kuti mwana agwiritse ntchito lofookalo, inachokera ku kafukufuku wa Edward Taub. Otiphunzitsa anati mwana akayesayesa mkono ukukana, ubongo umazolowera kuusiya, moti ngakhale mphamvu itabwerera iye amangogwiritsabe ntchito wabwinowo. Ndiye amaveka dzanja labwinolo chinthu changati sokosi kwa nthawi yoikika akusewera. Anationetsa vidiyo ya kamtsikana katakhala pa tebulo, poyamba kanayang'ana sokosiyo nkuyesa kuivula ndi mano, kenako kanaona timabuloko tamitundumitundu nkuyamba kukankha kamodzi ndi kuseri kwa dzanja lofookalo, pamapeto pake kanatola ndi zala ziwiri, abale misozi inalengeza chifukwa ambirife timazidziwa zimenezi kunyumba. Koma anachenjeza kuti umboni wochuluka wa CIMT ndi wa anthu a sitiroko ndi ana a cerebral palsy (kulumala kobwera ndi vuto la mu ubongo), pa ana athuwa ulipo wochepa, komanso imafuna mkono woti ukutha kugwedezeka ndithu, ndipo achite kukuuzani a fizio kutalika kwa nthawi yake, osangomumanga mwana tsiku lonse ayi.

Zam'madzi ndazikonda chifukwa madzi amaunyamula mkono, mwana amautukula pomwe kumtunda umamulemera, ndipo iye amangoona ngati masewera. Njira ya Halliwick yophunzitsa olumala kusambira anaiyamba James McMillan ku London mu 1949. Ya Vojta, ya dokotala wa ku Czechoslovakia Václav Vojta, amadina malo ena m'thupi kuti minofu idzuke yokha, amachita makolo kangapo patsiku ndipo ana ambiri amalira. Tepi ya kinesio, yotanuka yomata pakhungu, imangothandiza kakhalidwe ka phewa kapena dzanja, siichiritsa.

Mkangano unabuka pa Feldenkrais ndi njira ya Anat Baniel, yemwe anaphunzira kwa Moshe Feldenkrais mwini wake. Iwowa amayendetsa thupi la mwana pang'onopang'ono mofatsa kuti ubongo uphunzire, sakonda zokakamiza kapena kukoka mkono. Kufatsako ine ndakuyamikira, enafe timaugwira mkono wa mwana mwamantha kapena mwaphuma iye nkumauma thupi lonse. Koma a fizio anakanitsitsa zosiya maekisasaizi owongola phewa, akuti minofu yotembenuzira mkono mkati imakhala yamphamvu kuposa yotembenuzira kunja, ukangosiya phewa limauma, fupa nkumasuntha chakumbuyo, molumikizana mafupamo nkukula mopotoka. Pa umboni, boma la Australia litaunika njira 17 zochiritsira zosakhala zachipatala mu 2015, Feldenkrais ili momwemo, silinapeze umboni womveka woti imagwira ntchito. Maganizo anga ndi oti amene akufuna ayese, koma ikhale yowonjezera, ndipo wina akakuuzani kuti musiye fizio kapena muyimitse kaye za opaleshoni, muthaweni ameneyo.

Anatiphunzitsanso pa chidole kawongoledwe kake. Mwana agone chagada, chigongono mwachipinda ndipo chakhudza nthiti, dzanja lanu lina ligwire phewa kuti lisanyamuke, kenako mutembenuzire mkonowo kunja pang'onopang'ono mpaka pomwe wayamba kulimba, muime pomwepo kwa kamphindi osakankha. Ndi bwino kuchita manja onse awiri kuti muone kusiyana, ndipo kuti musaiwale muzichita nthawi yosintha thewera.

Ndikupempha komiti kuti kholo lililonse latsopano likalowa tizilifunsa msinkhu wa mwana komanso ngati akupinda chigongono, tisanayambe kumuuza za njira zinazi. Pokumana ulendo uno aliyense abwere ndi chidole, tiitanenso wa fizio mmodzi adzatione manja athu ngati tikugwira bwino. Mapepala anatipatsa ndiwajambula ndiponye pa gulupu pomwe pano.