Lamba wa m'galimoto yanu ali moyo?

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yanu ndiyankhulepo za lamba wa m'galimoto. Tikamayandikira Khirisimasi kapena Pasaka, wailesi zimatikumbutsa kumanga lamba, ndipo pa rodibuloko apolisi amasuzumira pawindo kuti aone ngati tamanga. Zimenezo n'zabwino, inenso ndimauza aliyense wotuluka pa garaja pathu kuti amange. Koma pali funso limene sindinamvepo wina akufunsa: lamba amene tikumangayo, ngozi itachitika lero, angamugwire munthu?

Ine ndine makaniko. Ndagwira sipanala ku Biwi, mu Lilongwe muno, zaka zoposa 20, ndipo anthu amene anabwerapo n'kunena kuti "tandionereniko malamba" sakwana zala za dzanja limodzi. Amabwera za oilo, za mabuleki, za wailesi imene yasiya kulira. Lamba amangomutenga ngati nsalu yoonetsa apolisi.

Chandilembetsa kalatayi ndi galimoto imene yaima pa garaja pathu panopa. Mayi wina, mphunzitsi wa kupulayimale, anagula Toyota Sienta kwa munthu mumzinda momwe muno. Penti waliwali, mipando yoyera, mtengo wonyengerera. Anabwera nayo chifukwa mabuleki ankalira. Nditakhala pampando kuti ndikaiyese mumsewu, ndinakoka lamba. Anatuluka mokakamira, ndipo nditamusiya sanabwerere, anangoti lende pakhomo. Ndinachotsa chipulasitiki cha pamzati wa pakati pa zitseko. Pulagi yachikasu imene imayenera kulowa m'makina a lamba inali yozula, kukamwa kwake atatsekako kachipangizo kakang'ono ka magetsi kotchedwa resistor n'kukulunga ndi tepi wakuda. Nditamutulutsa lamba yense mpaka kumapeto ndinapeza msoko. Anaduka, kapena anachita kumudula populumutsa munthu, wina n'kupita naye kwa telala kukalumikiza ndi ulusi wosokera thalauza. Msokowo unkabisala m'kati, mwini galimoto sakanauona. Mbali ya pasenja, pulagi yozulanso, resistor chimodzimodzi.

Mayiwo anati, "Koma bambo, nyale ya airbag (thumba la mpweya lotchinga munthu pangozi) siyaka, ndiye kuti zonse zili bwino." Ndinati, "Mayi, nyaleyo anainamiza. Galimotoyi inachitapo ngozi yaikulu. Anaiwongola, anaipenta, koma malamba ake anafera pangozi pomwepo." Anakhala chete kanthawi atagwira chitseko. Kenako ananena chapansipansi kuti pampando wakutsogolowo m'mawa uliwonse pamakhala mwana wawo wamkulu, wa Fomu 2, ndipo iwo ndi amene amamukalipira akaiwala kumanga.

Kuti owerenga amvetse chimene chinandiwawa, ndifotokoze zimene zili kuseri kwa pulasitiki uja. Lamba amakulungika pa kagudumu konga bobini ya makina osokera. Pambali pake pali sipuling'i yozungulira ngati ya m'tepi yoyezera ya akalipentala, ndipo ndiyo imabweza lamba mukamasula. Zonsezi pamodzi timati retractor. Kagudumuko kali ndi mano ngati a fuliwilo ya njinga, ndipo pali njira ziwiri zokaimitsira. Ina imamvera galimoto: muli kampira kachitsulo kokhala m'kambale, ndipo galimoto ikaima mwadzidzidzi, ikakhota mwamphamvu kapena ikapendekeka, kampirako kamagubuduka n'kutukula kambedza kokola mano aja. Ina imamvera lambayo: mukamukoka mofatsa amatuluka, mukamutsomphola kagudumu kamazungulira mwaliwiro, kachitsulo kam'kati n'kuthawira kunja n'kukola. N'chifukwa chake mukamatsika Khwekhwelere phazi lili pa buleki lamba amakuumirani pachifuwa. Ena amabwera kudzadandaula kuti wawonongeka, ndimuchotse loko. Ayi, pamenepo ndiye akugwira ntchito yake.

Kampira kaja n'kamene kamachititsa kuti retractor isaikidwe mwachisawawa. Inapangidwa kuti ikhale moimirira pamalo ake enieni. Mukatenga ya mbali ina kapena ya galimoto ya mtundu wina n'kuikakamiza mopendekeka, mwina izingokola nthawi zonse, mwina ichedwe kukola tsiku limene ikufunika.

Magalimoto ambiri amene tikuitanitsa ku Japan, odzera pa Dar es Salaam ndi Songwe aja, ali ndi chinthu china pa malamba akutsogolo chotchedwa pretensioner. M'kati mwake muli wonga pang'ono. Kakompyuta kamene kamaphulitsa airbag kakamva kugunda kwamphamvu kamatumiza moto pa waya wachikasu uja, wonga n'kuphulika, mpweya wake n'kuzunguza kagudumu chobwerera. Lamba amamukoka munthu n'kumukanikiza kumpando diso lisanaphethire. Pambuyo pake, kuti lamba yemweyo asathyole nthiti, pakati pa kagudumu pali kachitsulo kamene kamapotoka n'kulola lamba kutuluka pang'ono, munthu n'kukafika pa airbag liwiro litachepa. Zonsezi n'za kamodzi, ngati mtengo wa machesi. Wonga ukapsa wapsa, chitsulo chikapotoka chapotoka, ndipo ulusi wa lamba ukatanuka pogwira thupi la munthu subwereranso mwakale. Kompyuta imadziwa kuti pretensioner yaphulika ndipo imayatsa nyale yochenjeza. Ntchito ya resistor ija n'kuinamiza kuti zonse zilipo, nyale izime, galimoto igulike. Munthu woika resistor amadziwa bwino chimene akuchita. Ine sindimuyesa mnzanga pantchito.

Lamba wodutsa pachifuwa ndi m'chiuno amene tili nayeyu anakonzedwa ndi injiniya wa ku Sweden, Nils Bohlin, wa ku kampani ya Volvo, ndipo anayamba kuikidwa m'galimoto mu 1959. Kampaniyo inalola makampani ena onse kutengera luso limeneli osalipira, poona kuti ndi nkhani ya moyo. Nzeru yake inali yoti mphamvu ya ngozi igwere pa mafupa olimba, a m'chiuno ndi a pachifuwa, osati pamimba kapena pakhosi. Mphamvuyo si yamasewera. Kugunda chinthu pa liwiro la makilomita 50 pa ola, lomwe ndi liwiro la m'tauni chabe, n'chimodzimodzi kugwa kuchokera pamtunda wa mamita pafupifupi 10. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati kumanga lamba kumachepetsa mpata woti wokhala kutsogolo afe pangozi pafupifupi ndi theka. Koma chiwerengero chimenecho n'cha lamba wamoyo. Wa ulusi wa thalauza uja salowamo.

Chosangalatsa n'chakuti kuyeza lamba sikulira makina. Mwini galimoto aliyense akhoza kuchita pakhomo pake madzulo ano. Mutulutseni yense mpaka atathe, mumudutse ndi zala mbali zonse ziwiri. Mukapeza kuthothoka m'mbali, pong'ambika chifukwa chopanidwa pachitseko, popsa ndi ndudu, pouma gwa ngati chikopa, podyedwa ndi makoswe, kapena msoko umene si wa ku fakitale, lamba ameneyo watha. Makoswe ndawatchula dala: galimoto imene imanyamula chimanga n'kugona pafupi ndi nkhokwe ndaionapo ili ndi malamba akumbuyo odyedwa theka, eni ake osadziwa chifukwa anawakankhira pansi pa mpando kalekale. Mukatero mutsompholeni kawiri katatu, azikola nthawi iliyonse. Lowetsani kachitsulo mu loko, mumve kulira, mukoke mwamphamvu, asatuluke mpaka mutadina batani lofiira. Mu maloko ndatulutsamo mtedza, njere za chimanga chootcha, makobidi, ndi Sobo wouma amene amamatitsa batani. Zotere zimachoka ndi mpweya wa kompuresa. Koma loko yosweka kapena yotulutsa yokha sitikonza, timasintha. Pomaliza tembenuzani kiyi muyang'ane nyale ya airbag. Iyenera kuyaka masekondi angapo n'kuzima. Ikakhala chiyakire pali vuto. Ikapanda kuyaka n'komwe, wina anachotsa babu kapena anaimata.

Lamba waulesi kubwerera, amene ambiri amaganiza kuti sipuling'i yatha, kawirikawiri ndi litsiro chabe. Thukuta, mafuta odzola ndi fumbi la m'chilimwe zimamuumitsa, ndipo mphete yapamwamba imene amadutsamo imachita chikhakha. Mankhwala ake ndi madzi ofunda ndi sopo wofatsa. Mutulutseni yense, mumupane ndi pegi kuti asabwerere, mumuchape, mupukute mpheteyo, ndipo aume pamthunzi musanamulole kukulungika. Anyamata otsuka magalimoto, chonde, Jik, petulo, parafini ndi thina musayandikize. Lamba amaoneka woyera koma ulusi wake umafooka. Ndipo mu retractor simuthiridwa oilo kapena girisi. Girisi amakoka fumbi, kampira kaja n'kumatirira m'kambale kake, lamba n'kumatuluka bwinobwino mpaka tsiku la ngozi.

Kwa amakaniko anzanga, makamaka achinyamata amene mukuphunzira: waya wachikasu musamugwire batire lili lolumikiza. Zulani batire, mudikire mphindi imodzi ndi theka kapena kuposerapo, chifukwa kompyuta imasunga moto kanthawi. Pretensioner musaiyeze ndi tesita ya babu kapena mita, ikhoza kukuphulikirani m'manja. Chivundikiro cha sipuling'i musatsegule. Mabawuti a lamba ndi achitsulo cholimba mwapadera, ikatayika musatole ina m'chitini cha mabawuti akale. Ndipo muziona pansi pamene bawutiyo yagwira. Ndaonapo minibasi imene bawuti yake inali yolimba koma bodi yozungulira itadyeka ndi dzimbiri, moti ndinaboola ndi sikuludiraiva. Ndaonanso lamba womangidwa mfundo kuti afupike, ndi wina wowotchereredwa ku mwendo wa mpando woonjezera. Pangozi mpando ndi munthu zimapitira limodzi.

Za makhalidwe athu sinditaya nthawi, aliyense amazidziwa. Dalaivala wogoneka lamba pachifuwa akaona apolisi n'kumutaya akadutsa. Womanga lamba kumbuyo kwa msana kuti belu lisiye kulira. Wodutsitsa lamba kukhwapa poopa kukwinya shati. Chimodzi chokha ndichitsindike, chifukwa amachita ndi anthu achikondi: mayi kapena agogo kufungata mwana pamiyendo n'kumanga lamba mmodzi onse awiri. Pangozi thupi la wamkulu limamupana mwanayo pa lamba. Manja nawonso sangamugwire, ngakhale a munthu wamphamvu chotani. Mwana wamng'ono malo ake ndi kumbuyo, pa mpando wake wa ana. Amayi oyembekezera amange ndithu, koma lamba wam'munsi adutse pansi pa mimba, pa mafupa a m'chiuno, wapamwamba pakati pa mabere. Ndipo wokhala kumbuyo osamanga amauluka n'kukagunda wakutsogolo amene anamanga.

Ndikudziwa kuti ndalama zavuta. Lamba watsopano wokhala ndi pretensioner ndi wodula, ndipo kumupeza m'sitolo kuno si chapafupi. Mabuku a opanga magalimoto amati ikani watsopano, ndipo akunena zoona. Koma munthu akalephereratu, ine ndimalola wakale pokhapokha nditaona ndi maso anga galimoto imene akuchotsedwamo, kuti inafa injini kapena giyabokosi osati ngozi, kuti ndi ya mtundu womwewo, mbali yomweyo, ndipo nsalu yake ndi yathunthu. Wongopachikika pa msomali pamsika, wosadziwika kumene wachokera, sindiika m'galimoto ya munthu. Ena amakwiya n'kupita kwina. Apite, koma osati ndi dzanja langa.

Pempho langa lipite kwa amene amayeza magalimoto pofuna COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu: monga mumayezera mabuleki, nyale ndi matayala, lamba aliyense muzimutulutsa yense, kumutsomphola, ndi kuona ngati nyale ya airbag ikuyaka n'kuzima. Sizitenga mphindi zisanu. Kwa ogula galimoto yakale, musanapereke ndalama tengani makaniko amene mumamukhulupirira atsegule pulasitiki wa pamzati aone pulagi yachikasu. Wogulitsa akakana kuti mutsegule, mwayankhidwa kale. Ndipo kwa owongola magalimoto a ngozi, mtengo wa malamba ndi airbag muziuika pa kotesheni poyamba pomwe, mwini wake asankhe akudziwa.

Mphunzitsi uja anafuna kugula matayala awiri atsopano mwezi uno, koma wati adikire kaye. Mabuleki tinakonza tsiku lomwelo. Sienta yake ili pansi pa mtengo wa mango pa garaja, mizati yake ili yotsegula, tikudikira malamba awiri amene taitanitsa. Tikamaliza malamba ndidzatsegulanso chiwongolero, chifukwa chivundikiro cha airbag chikuoneka kuti chinamatidwa ndi guluu. Pakadali pano iwo ndi mwana wawo akukwera minibasi.

Makaniko,
Biwi, Lilongwe