Nkhalamba ya pasiteji yatimezera mnyamata wathu

Agogo,

Ndithandizeni nzeru pa za mnyamata wina wa m'gulu lathu la zisudzo. Luso ali nalo ndithu, koma nkhalamba yomwe amasewera yayamba kudya gulu lonse.

Ife sitiloweza mawu. Timalemba mafupa a nkhani okha pa tsamba limodzi: magawo 6, amene akulowa ndani, mkangano wake ndi wotani, ndi mawu amene akangomveka ndiye kuti gawolo latha. Mnofu timaikira pomwepo, anthu akuonera. Gawo limodzi lisapitirire mphindi 8. Lamulo lalikulu ndi loti chimene mnzako waponya uchiwakhe, kenako uonjezepo chako. Akati "Malume, mbuzi yanu yadya chimanga cha amfumu," mbuziyo ilipo basi. Ukayankha kuti ulibe mbuzi, gawo lafa, mnzako watsala kukamwa yasa. Ku Second City, bwalo la nthabwala la ku Chicago lomwe linatsegulidwa mu 1959, amaphunzitsanso lamulo lomweli.

Mnyamatayu anaumba nkhalamba yaumbombo: jekete lothina, ufa kumutu, ndodo, kuyenda chotsimphina, ndi kamwambi kamodzi kapakamwa. Anthu anaikonda. Tsopano akangomva kuti aseka kamwambi kaja, amakabwereza kasanu, kakhumi, gawo la mphindi 8 n'kufika 20. Choipitsitsa, wayamba kukana zomwe anzake amuponyera, chifukwa kukana kumaseketsa msanga. Koma kuseka kumeneko n'kwangongole. Gawo lotsatira limasowa pomangira, ndipo pofika kumapeto oonera sakumbukiranso kuti mlandu unali wa chiyani. Mawu a nkhalambayo amawafinyira pakhosi m'malo mokoka mpweya kuchokera m'mimba, ndiye tikasewera Loweruka ndi Lamlungu, Lolemba amakhala atasasa mawu.

Pali nkhani ya ndalamanso. Oitana ku maukwati amafunsa nkhalambayo, choncho iye akuti azitenga theka, enafe 6 tizigawana zotsala.

Tikamudzudzula amabisala kumbuyo kwa Izeki. Akuti malemu John Nyanga anthu ankawaitana Izeki mpaka pamene anatisiya mu 2016, ndipo dzinalo silinawaphe njala. N'zoona. Chimene sakuona n'choti Izeki sankaseketsa yekha. Panali Jakobo, malemu Eric Mabedi, woponya ndi wowakha naye limodzi. Ntchito ya woponya siioneka, anthu amangoseka yemwe wamaliza, koma mumuchotse woponyayo muone ngati womaliza angathe mphindi zisanu. M'gulu lathu woponya ndi mtsikana wina, ndipo wanena kuti zikapitirira chonchi asiya.

Ena akuti nkhalambayo tiipumitse miyezi itatu, mnyamatayu azisewera mphunzitsi kapena wapolisi wopanda nthabwala n'komwe, aphunzire kumvetsera. Nzeruyo ndikuiona, koma ndi nkhalamba yomweyo imene ikutibweretsera oitana, ndipo nyengo ya maukwati yayandikira. Ena akuti tingomupatsa malire: kamwambi kawiri kokha pa sewero, akapitirira adulidwe gawo lake la ndalama. Ine ndikuopa kuti munthu wosewera akuwerengera m'mutu sangaseketse.

Agogo, ndimulankhule bwanji munthu woti akuomberedwa m'manja kuti akulakwitsa, osamuthyola mtima kapena kumuthawitsa? Nanga ndalama tizigawa mofanana, kapena wokoka anthu ali ndi ufulu wotapa zambiri?

Ndine,
Wotsogolera gulu la zisudzo,
Ndirande, Blantyre