Dunkeld ndi Birnam si mudzi umodzi

Akonzi,

Ndiloleni ndiwaunikire anzathu opita ku Scotland pa maulendo a mpingo kapena a sukulu za midzi iwiri imene ambiri amaiyesa umodzi, chifukwa siteshoni yake ya sitima idatenga maina onse awiri. Dunkeld ali kumpoto kwa mtsinje wa Tay, Birnam ali tsidya la kummwera, m'dera la Perthshire, pomwe chigwa chimathera n'kuyamba mapiri a Highlands.

Mukatsika sitima dziwani kuti muli ku Birnam. Msewu waukulu wa A9 udadula pakati pa siteshoni ndi mudzi, choncho mumadzera kunsi kwake, n'kuyenda mtunda woposa kilomita imodzi kuti mukafike pa mlatho. Mlathowu ndi wamiyala, adaumanga ndi Thomas Telford ndipo udatha mu 1809. Usanamangidwe anthu ankaoloka pa mabwato, zomwe sizinali zamasewera, poti Tay ndiye mtsinje wa madzi ambiri kuposa yonse ku Britain. Kuoloka pa mlathowu kunali kolipira. Anthu atatopa nazo adachita zipolowe mu 1868, ndipo malipirowo adathetsedwa mu 1879.

Wakale pa awiriwa ndi Dunkeld. Cha m'ma 849 mfumu Kenneth MacAlpin idasamutsirako zotsala za Columba Woyera kuchokera pa chilumba cha Iona, kuopa achifwamba apanyanja otchedwa ma Viking. Tchalitchi chachikulu chili m'mbali mwa mtsinjecho chidamangidwa kuyambira m'ma 1200 mpaka 1501. Dziko la Scotland litasiya Chikatolika mu 1560 mbali yaikulu idadzasasulidwa denga, ndipo ndi bwinja mpaka lero. Mbali yakum'mawa yokha ndiyo akupemphereramo a Church of Scotland, omwe aja adatsegula mishoni ya Blantyre mu 1876. Nyumba zoyera zapafupi musaziyese za msinkhu wa tchalitchicho: mudzi wakale udapsa pafupifupi wonse pa nkhondo ya pa 21 Ogasiti 1689, ndipo izi adazimanga pambuyo pake.

Birnam ndi mwana wa njanji, adakula sitima itafika mu 1856. Dzina lake lidatchuka ndi nkhalango yotchulidwa m'sewero la Shakespeare la Macbeth. M'mphepete mwa mtsinje muli chimtengo cha oak champhako, nthambi zake zochirikizidwa ndi mizati. Okuuzani kuti Macbeth adauona mtengowu musawamvere. Macbeth weniweniyo, yemwe adali mfumu ya Scotland, adamwalira mu 1057, mtengowo usanamere n'komwe.

Ndine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu