Kuthokoza a Chipatala cha Boma cha Ntcheu

Kwa Bwana Mkulu wa Chipatala,

Ndine dalaivala wa lole, ndimanyamula kachewere ndi kabichi kuchokera ku Lizulu ndi ku Tsangano kupita ku Lilongwe. Ndalemba kalatayi kuti ndithokoze adokotala amene anandiona pa chipatala chanu.

Chinandibweretsa ndi BP yosatsika ngakhale ndinkamwa mankhwala, komanso mutu wopweteka m'mawa uliwonse. Za tulo sindinatchule n'komwe. Koma adokotalawo anatembenukira kwa mayi akunyumba omwe anandiperekeza, n'kuwafunsa kuti, "Mayi, kodi bambowa amagona bwanji usiku?" Mayi anakhuthula zonse zimene akhala akundiuza zaka zambiri ine n'kumakana: ndimaliza mkonono, kenaka zii osapuma, mpaka amandigwedeza ndi mantha, ine n'kudzidzimuka ngati munthu wotsamwa. Kwathu kuno mkonono timangouseka, timati ndi kutopa basi.

Anandigoneka usiku umodzi, kachipangizo koyeza okosijeni kali kuchala, anamwino akuyang'anira. Kwa munthu wabwinobwino nambala yake imakhala 95 kupita m'mwamba, koma yanga inkagwa pansi pa 90 mobwerezabwereza. Kutacha anandilongosolera m'Chichewa chomveka kuti zimenezi ndi zizindikiro za sleep apnea. Munthu akagona minofu ya kukhosi imalefuka, njira ya mpweya imatsekeka masekondi 10 kapena kuposa, ubongo n'kumudzutsa pang'ono kuti apume, ndipo zimatero kambirimbiri mpaka kucha, mwiniwake osadziwa. Mtima nawo umavutikira pomwepo.

Apa mpamene ndinaulula zimene ndinkabisa. Tsiku lina pa M1 cha ku Linthipe ndinawodzera pachiwongolero masanasana, n'kudzidzimuka matayala ali kale m'mbali mwa msewu, momwe ana a sukulu amayenda. Adokotala sanandikalipire, koma anandiuza mosabisa kuti ndisagwirenso chiwongolero tulo tikandibwerera.

Anandilembera kalata yopita ku Kamuzu Central kuti akandiyeze bwino, ndipo ananditchulira makina a CPAP, opopera mpweya m'mphuno kuti njira isatsekeke. Ndikusonkhanitsa ndalama pang'onopang'ono poti ngokwera mtengo. Pakadali pano mowa wamadzulo ndasiya, maulendo ataliatali ndikupita ndi mnzanga wosinthana naye, ndipo mayi anandisokerera chitsononkho kumsana kwa malaya ogonera kuti ndisamagone chagada.

Chonde mukandiperekere moni kwa adokotalawo ndi anamwino a usiku uja. Mayi akunyumba akuti muwauzenso kuti tsopano nawo ayamba kupeza tulo.

Ine wanu,
Dalaivala wa ku Lizulu